Bodi ya matabwa ya Chevrolet yakale: mmene tinaikonzera ndi pamene ndinalakwitsa

Mu Januwale 2023, kumalo kumene ndimagwirira ntchito ku Booysens, kum'mwera kwa tauni ya Johannesburg, kunabwera pikapu yakale ya mtundu wa Chevrolet 3100. Kuno pikapu amati bakkie. Ine ndine kalipentala, ntchito ndinaiphunzirira kumudzi, ndipo ku Joni kuno ndimadyera zitseko ndi makabati a m'khitchini. Za injini sindilowererapo. Koma galimoto iyi pansi pa bodi yake ndi pa matabwa, ndiye makaniko amene ankaikonza atatopa nayo anauza mwiniwake kuti zakumbuyozi akafune munthu wa sowo ndi puleni.

Mwini galimotoyo ndi bambo wachikulire wakwathu. Bambo ake anabwera kuno pa Wenela kudzagwira ntchito m'migodi, kenaka anasiya mgodi n'kukalowa ntchito pafamu ina kum'mwera kwa mzindawu. Pamene boma la Malawi linaletsa Wenela kulemba anthu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown, iwo anali atatchona kale. Pikapuyi anapatsidwa ndi mwini famu atakalamba, ndipo inatsala m'banjamo ngati chuma chamasiye. Madala eni galimotowa ankafuna kuti mu Epulo idzanyamule mphatso pa ukwati wa mwana wawo wamkazi.

Chimene chinawabweretsa chinali chaching'ono. Chitseko chakumbuyo chinkavuta kutseka, ndipo akaponda pakona ya kumanzere pafupi ndi kumene kumakhala dalaivala, pansi pankanyenyera ngati siponji.

"Amisiri, mungosintha thabwa limodzi lokhalo, enawo ali bwino," anatero.

Ndinawayankha kuti Bambo, ndiyambe ndavundukula, mtengo tikambirana ndikaona.

Zimene tinapeza titavundukula

Pamwamba panali mphasa ya labala yakuda, yooneka bwino ndithu. Chikomekome cha mkuyu. Pansi pa labalayo wina anakhomerapo pulayiwudi ija amagwiritsa ntchito omanga pothira konkire, ndipo pansi pa pulayiwudiyo ndi pamene panali matabwa akale. Amene anachita zimenezi ankaganiza kuti akuteteza matabwa ku mvula. Zoona zake, madzi ankalowa m'mbali, n'kusowa potulukira, dzuwa osafikapo. Matabwa atatu ankafumbutuka ndi chala. Ena asanu anali olimba pakati koma owola kumapeto konse.

Kwa amene sanaionepo bodi yotere, imamangidwa chonchi. Pamwamba pa chasisi pamagona mitanda yachitsulo yopingasa. Pamitandapo pamayalidwa matabwa motsata utali wa galimoto. Pakati pa thabwa ndi linzake pamasiyidwa kampata, ndipo pamwamba pa kampatako pamagona chitsulo chachitali chopyapyala chimene milomo yake imalowa m'timingalande tosemedwa m'mphepete mwa matabwa awiriwo. Mabawuti a chitsulo chopaniracho salasa thabwa ayi, amadutsa m'kampata kaja n'kukagwira mtanda pansi. Ndiye kuti thabwa limapanidwa, silikhomedwa. Likafufuma ndi chinyezi kapena kunyala ndi chilimwe, limakhala ndi kopita. Zitsulozo zimatumphukanso pang'ono pamwamba pa matabwa kuti katundu azikhukhuluzika pachitsulo. Amene anapanga galimotoyi ankadziwa khalidwe la mtengo, ndipo amene anakhomerapo pulayiwudi ndi misomali anapha nzeru yonseyo.

Mitanda iwiri inali itadyedwa ndi dzimbiri mpaka kuboola. Timatabwa tochindikala timene timakhala pakati pa mitanda ndi chasisi tinali titawola, n'chifukwa chake bodi inali itatsamira mbali imodzi. Nditayeza ndi tepi kuchokera pakona ina kufika pakona yopingasana nayo, kenaka mbali inayo, miyeso iwiriyo inasiyana ndi mamilimita 16. Apa ndi pamene panagona vuto la chitseko chakumbuyo. Chitsekocho chinalibe mlandu, bodi ndiyo inali itapotoka.

Nkhani ya chaka cha galimoto

Apa panali potembenukira poyamba. Mwana wamwamuna wa madalawa, mnyamata wodziwa za intaneti, anabwera ndi pepala la miyeso limene anapeza. M'banjamo onse ankadziwa kuti galimotoyi ndi ya 1950, ndiye pepalalo linali la matabwa 9 ndi zitsulo zopanira 8. Ine ndinawerenga matabwa owolawo n'kupeza 8. Mnyamatayo anati mwina amene anakonza kale anasintha. Zikanatheka ndithu, choncho sindinakangane naye. Tinagwada tonse n'kuwerenga mabowo a pamitanda, amene anaboolera ku fakitale: mizere ya zitsulo zopanira inali 7, popanda bowo lotsekedwa kapena loonjezera.

Ma Chevrolet a maonekedwe amenewa anayamba kupangidwa mu 1947 mpaka kumayambiriro kwa 1955. Oyambirira anali ndi matabwa 9, ndipo m'kati mwa 1951 anasintha n'kuyamba kuika 8 otambalala. Chizindikiro china chinali pazitseko: zogwirira zake zinali zodina batani ndi chala, ndipo zimenezo zinayamba mu 1952. Zoyambirira zinali zopotokola. Tinagwirizana kuti galimotoyi singakhale ya 1950. Madala anaseka n'kunena kuti bambo awo ngakhale chaka chawo chobadwa ankachita kuyerekeza.

Tikanadula matabwa potsata pepala lija, mtengo wonse ukanapita pachabe, chifukwa timipata sitikanakumana ndi mabowo a pamitanda. Ndionjezere kuti kampani ya General Motors, imene imapanga Chevrolet, inali ndi fakitale yolumikiza magalimoto ku Port Elizabeth, kumene tsopano kumatchedwa Gqeberha, kuyambira 1926, ndipo magalimoto akale a kuno adutsa m'manja ambiri. Pepala la ku America ndimaliwerenga, koma chomaliza ndimamvera chitsulo chimene chili patsogolo panga. Matabwa a bodi imeneyi sakhalanso ofanana m'lifupi mwake, ndiye lililonse ndinaliyeza palokha ndi kulilemba nambala lisanaphwasuke.

Kusankha mtengo

Apa tinakhalitsapo, pafupifupi sabata yathunthu ya kukambirana.

Ku fakitale ankaika paini wolimba wa kum'mwera kwa America, n'kumuda ndi utoto wakuda pamodzi ndi zitsulo zomwe. Inali galimoto ya ntchito, yonyamula manyowa ndi migolo. Bodi zonyezimira zimene timaona pazithunzi masiku ano ndi za anthu okonza magalimoto achionetsero, ndipo ambiri amaika mtengo wa oak. Mnyamata uja ankafuna oak yemweyo. Ndinamuuza kuti achimwene, oak ali ndi asidi wake amene akakumana ndi chitsulo ndi madzi amada bii kuzungulira bawuti iliyonse, ndipo kuno ngwochokera kunja, mtengo wake ngwokwera.

Paini wa kuno ngwotchipa komanso amapezeka paliponse, koma amakula msanga, ngwofewa, ndipo ali ndi mfundo zambiri. Mpando wachitsulo ukangokhalapo umasiya chidindo. Bulugamu, amene kuno amagulitsidwa ndi dzina loti saligna, ngwolimba bwino koma amayenda kwambiri: amapindika, amang'aluka kumapeto. Pamalo a dzuwa ndi mvula sindimukhulupirira pokhapokha ataumitsidwa mosamala kwambiri.

Madala anangokhala chete nthawi yonseyi, kenaka anafunsa kuti, "Nanga mlombwa kuno ulipo?"

Ulipo. Kuno amautcha kiaat, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amati mukwa. Ndi mtengo womwe uja umatuluka utomoni wofiira ngati magazi ukautema, umene kumudzi timapangira zitseko ndi mipando ya mafumu. Ubwino wake waukulu pantchito ngati iyi ndi woti sufufuma kapena kunyala kwambiri nyengo ikasintha, ndipo mtima wake chiswe sichiukonda. Ku Johannesburg zimenezi n'zofunika kuposa kukongola. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpweya umauma mpaka milomo kung'ambika, ndipo kuyambira Okutobala kumagwa mvula yamabingu ya masana, nthawi zina ndi matalala. Thabwa limene lili panja limakokedwa uku ndi uku chaka chilichonse.

Madala anaganiza zotumiza uthenga kumudzi kuti mphwawo awachekere mlombwa n'kuukweza basi. Ndinawaletsa. Chifukwa choyamba, thabwa locheka kumudzi limabwera laliwisi. Chachiwiri, kumapeto kwa 2022 mitengo ya mtundu wa mlombwa ya mu Africa inaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera pakati pa mayiko, pamodzi ndi mbawa, kutanthauza kuti kuolotsa matabwa ake pachipata cha dziko kumafuna zikalata. Sindinafune kuti matabwa a ukwati akagone ku Mwanza kapena ku Beitbridge. Tinagula konkuno kwa ogulitsa matabwa ovomerezeka.

Pogula ndinatembenuza mulu wonse. Mlombwa uli ndi mbali yoyera yakunja, imene imafumbwa msanga, ndi mtima wofiirira umene ndiwo timafuna. Bodiyi ndi yotalika pafupifupi mamita 2, ndipo kupeza matabwa 8 owongoka, a mtima wokhawokha, a utali umenewo, si masewera. Ndinagula 11 kuti ndikhale ndi posankha. Kamakina koyezera chinyezi kanaonetsa 15 peresenti. Ogulitsa anati ngouma, ine ndinati ngouma mwa kwawoko. Ndinawaunjika m'shedi, timitengo pakati pa thabwa ndi thabwa kuti mphepo izidutsa, njerwa pamwamba, n'kuwasiya masabata asanu mpaka anatsika kufika pa 11.

Ntchito yachitsulo ndi yamatabwa

Podikira matabwa, mnzanga wowotcherera zitsulo wa ku Mangochi anagwira mbali yake. Chinthu choyamba chimene tinachita ndi kuchotsa bodi yonse pagalimoto n'kukankhira galimotoyo panja. Pa ma Chevrolet amenewa kuyambira 1949, thanki ya petulo ili m'kati, kuseri kwa mpando wa dalaivala, kutalikirana ndi kutsogolo kwa bodi ndi chitsulo chopyapyala chokha. Wogwiritsa galayinda pamenepo osadziwa zimenezi akusewera ndi moto weniweni.

Mabawuti akale sanamasuke ngakhale imodzi, onse tinadula. Mitanda iwiri yodyeka ija anaipanga yatsopano potengera yakale, mabowo pamalo omwewo. Ina tinaipala dzimbiri n'kuipaka penti yoteteza. Zitsulo zopanira zisanu zinapulumuka, ziwiri tinakapinditsa kwa opinda malata titatenga chakale ngati chitsanzo. Kenaka tinakoka bodi ndi lamba womangira katundu mopingasa mpaka miyeso iwiri ija inasiyana ndi mamilimita 2 okha. Chitseko chakumbuyo chinatseka ndi dzanja limodzi tisanaikemo thabwa ngakhale limodzi.

Mabawuti a galimotoyi ndi a mainchi. A zitsulo zopanira ndi a kota ya inchi, mutu wobulungira, khosi la makona anayi limene limalowa m'bowo la makona anayi kuti bawuti isazungulire. M'mashopu ambiri kuno mupeza a mamilimita 6, amene ngocheperako pang'ono. Ndinafufuza mpaka kupeza a mainchi, a chitsulo chosachita dzimbiri. Amenewa ali ndi khalidwe lawo: ukamanga mouma ndiponso mothamanga, nati imakakamira pabawuti osapitanso kutsogolo kapena kumbuyo. Tinkapaka girisi pang'ono paliponse n'kumanga ndi sipanala yapamanja.

Matabwa ndinawapala kufika pa mamilimita 19, amene ndi makota atatu a inchi monga akale. Timingalande ndinasema ndi rauta, makina osemera m'mphepete mwa thabwa, nditayamba ndayesa pazidutswa mpaka chitsulo chopanira chinakhala bwino. Chaka chimenecho magetsi ankazima kangapo patsiku, ndiye ntchito ya makina ndinkaipanikiza m'maola a magetsi, ya sandipepa n'kumaichita pamanja kukakhala mdima. Fumbi la mlombwa limayabwa m'mphuno, chophimba kukamwa musachinyoze.

Ndinayala zonse pouma, kopanda vanishi, kuona ngati zikukhala. Zinakhala. Pomwepo ndi pamene ndinayenera kuboola mabowo onse a matabwa awiri a m'mphepete, amene amagwidwa ndi chitsulo cha m'mbali mwa bodi, komanso mabowo akuluakulu a mabawuti amene amadutsa thabwa n'kukagwira chasisi. Sindinaboole. Malichi anali atapita theka, ndipo ndinawerengera kuti vanishi ndiye amadya masiku, mabowo ndi a ola limodzi. Ndinati ndipake kaye, ndidzaboola pomanga.

Za vanishiyo, ine ndinkafuna mafuta olowa m'thabwa, amene sanyezimira koma sasupuka, ndipo chaka chikatha umangotsuka n'kupakanso. Banja linkafuna galasi. Ukwati ndi ukwati, ndinagonja. Ndinasankha vanishi wa panja, uja amapaka maboti, wokhala ndi zoteteza ku dzuwa. Ndinapaka kasanu pamwamba, katatu pansi ndi m'mbali, kumapeto kwa matabwa ndinamwetsa mpaka anakana. Kenaka ndinamanga, ndinaboola mabowo aja, ndinalowetsa mabawuti, osapakamo kanthu m'kati mwa mabowo.

Galimoto inatuluka kutatsala masiku anayi. Paukwati, ku Rosettenville, anthu ankajambulitsa pabodipo kuposa pagalimoto ya akwati. Amayi ena achikulire anasisita thabwa n'kunena kuti uwu ndi mlombwa, kwawo ku Kasungu chitseko cha nyumba ya bambo awo chinali chotere.

Kubwerera kwa galimoto

Mu Julayi, mwezi umene ku Johannesburg kunagwa chipale chofewa koyamba patapita zaka zoposa 10, madala anandiimbira kuti kumbuyo kukumveka phokoso akadutsa pamabampu. Ndinali ndi ntchito ya khitchini ku Germiston, ndinawauza kuti ndidzaona. Ndinaiwala. Phokosolo linali la zitsulo zopanira. Matabwa ndinawamanga kumapeto kwa dzinja, mpweya uli ndi chinyezi, ndipo m'nyengo youma ananyala pang'ono, ngakhale mlombwa umene, mabawuti n'kukhwefuka. Ntchito ya mphindi 30 ndi sipanala ikanathetsa nkhaniyo.

Mvula itayamba, madzi anapeza njira pansi pa zitsulo zokhwefukazo ndi pansi pa mitu ya mabawuti akuluakulu. Mu Novembala kunagwa matalala aakulu, galimoto ili panja chifukwa m'garaja munali katundu wa ana. Inabwera kwa ine sabata yotsatira.

Ndinayang'ana thabwa lililonse ndisanakhudze kanthu. Matabwa 6 a pakati anali bwino, kupatula timabala toyera ta matalala. Awiri a m'mphepete ndiwo anali ndi matenda, ndipo matendawo ankayambira pabowo lililonse: kuzungulira bawuti vanishi anali atayera ngati mkaka n'kutukuka, pansi pake thabwa litada. Pamabowo anayi akuluakulu zinali chimodzimodzi. Paliponse pamene ndinaboola nditapaka kale, madzi analowa m'mitsempha ya mtengo n'kuyenda pansi pa vanishi. Pamene sindinaboole panalibe kanthu. Umboni unali woonekeratu moti panalibe chonamizira matalala.

Ndinawauza madala mmene zinalili, kuti Bambo, apa ndinalakwitsa ndine, ndikonza osalipiritsa. Anangoti, "Mphwanga, wanena wekha, basi yatha." Mnyamata uja anafunsa ngati oak akanachita bwino. Ndinamuuza kuti pamabowo osapaka, oak akanada kuposa apa.

Mwayi wake, kuwola kunali kusanayambe. Ndikanakhala nditaika paini, miyezi imeneyo ikanakwana kufewetsa m'mabowo. Tinamasula zonse, ndipo chifukwa cha girisi uja mabawuti anatuluka osavuta. Matabwa ndinawaimika m'shedi masabata awiri kuti aume. Kenaka panabwera funso lakale lija: vanishi kapena mafuta? Ulendo uno ndinalankhula mosapsatira. Vanishi ndi chikopa chokuta pamwamba. Chikangoboola pamodzi, kaya ndi mwala, kaya ndi tala, kaya ndi mwendo wa mpando, madzi amalowa ndipo satuluka, ndiye kukonza kwake n'kupala thabwa lonse. Dzuwa la pamtunda ngati kuno limamuphwanyanso msanga. Ngati galimoto izigona m'garaja n'kumatuluka Lamlungu lokha, vanishi ngwabwino. Ngati izinyamula mipando ya kutchalitchi ndi matumba a ufa ochokera kokwerera mabasi ku Park Station, monga madala ankachitira, mafuta ndiwo oyenera.

Anasankha mafuta. Ndinapala vanishi yense pamatabwa onse 8, chifukwa kusiya ena onyezimira ena osanyezimira kukanaoneka ngati chigamba. Madontho akuda ambiri anachoka ndi sandipepa, otsala ndinawatsuka ndi asidi wotsukira matabwa amene amachotsa zipsera za chitsulo ndi madzi. Mabowo ndinawakulitsa pang'ono kuti bawuti isamakhudze thabwa mothina, ndipo lililonse ndinalitseka pansi ndi tepi, n'kudzazamo mafuta, kusiya amwe, n'kubwerezanso. Ndinasiyanso kampata ka mamilimita angapo pakati pa mapeto a matabwa ndi chitsulo cha kutsogolo kwa bodi, pamene poyamba ndinathinitsa chifukwa chofuna kukongola, kuti madzi ndi zinyalala zizigwera pansi.

Pomanga kachiwiri sindinakhwimitse mpaka chitsulo kulowa m'thabwa. Ndinamanga kuyambira pakati kupita m'mbali, nati iliyonse mpaka washa wagwira, n'kuonjezera pang'ono. Ndipo ndinalemba papepala n'kumata m'kabokosi ka kutsogolo: kubwera kwa kalipentala mu Julayi kudzamangitsa mabawuti, ndi mu Seputembala mvula isanayambe kudzapaka mafuta. Pepala ngati limeneli tsopano ndimapereka pa ntchito iliyonse ya panja, ngakhale ya benchi.

Mu Julayi 2024 anabwera okha osaitanidwa. Manati ambiri analola kuzungulira pang'ono, a m'mphepete kuposa a pakati. Mu Seputembala tinatsuka ndi kupaka, ntchito ya m'mawa umodzi. Mtundu wa mlombwa wasintha, kufiira kuja kwazirala n'kukhala kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo pathabwa lachitatu kuchokera kumanja pali mkwasa wautali umene unabwera ndi chitofu cha gasi chimene ananyamula popita kumaliro ku Turffontein. Madala anandifunsa ngati ndingauchotse. Ndinati ndingathe, koma ndipala thabwa lonse. Anauyang'ana kanthawi, anausisita ndi chala, n'kunena kuti ndiusiye, galimoto ya bambo awo sinakhalepo yopanda chipsera.